Chithunzi Si Mapu: Ntchito Imene Imayamba Kandege Kakatera

M'mwezi wa Juni chaka cha 2017, Boma la Malawi mogwirizana ndi bungwe la UNICEF linapatula mlengalenga wa Kasungu kuti ukhale malo oyeserapo tindege touluka popanda munthu m'kati mwake, timene pa Chingerezi amatitcha drone. Anatenga bwalo la ndege la pa boma ngati pakati, nanena kuti mtunda wa makilomita 40 kumbali zonse ukhale wotseguka kwa masukulu aukachenjede, makampani ndi mabungwe ofuna kuyesa zipangizo zawo pa ntchito zothandiza anthu. Ntchitozo zinali zitatu: kunyamula katundu wopepuka monga mankhwala ndi magazi okayezedwa, kufikitsa mauthenga a lamya ndi intaneti kumalo ovuta kufikako, ndiponso kujambula dziko kuchokera kumwamba.

Mwa zitatuzi, imene inamveka kwambiri ndi yonyamula katundu, ndipo n'zosadabwitsa. Mu Novembala chaka chomwecho kandege kotchedwa EcoSoar, kamene mapangidwe ake anachokera ku sukulu ya Virginia Tech ku Amereka koma kanalumikizidwa ndi manja a ophunzira a kuno kwathu, kanauluka kokha mtunda wa makilomita 19 kuchokera pa chipatala cha Gogode mpaka pa bwalo la Kasungu. Nkhani yotere imakoma kuisimba, pakuti ili ndi ponyamukira ndi pofikira, ndipo kandege kakatera aliyense aona kuti ulendo watheka. Ntchito yojambula siili choncho ayi. Kandege kakatera, oonerera amabalalika poyesa kuti zatha, chonsecho mwini ntchito wangotsala ndi zithunzi mazanamazana zimene palibe ndi chimodzi chomwe chimene munthu angayezerepo munda. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Zithunzi zimene zili m'kamera ndi fodya wa pachala. M'nkhani ino ndifuna tione m'mene zimasandukira mapu, ndi chifukwa chake ine ndiganiza kuti ntchito yobisika imeneyi ndiyo iyenera kukopa mitima ya anyamata ndi atsikana athu otsiriza sukulu kuposa kuulutsa kumene.

Awerengi amene anaphunzira Jogalafe mpaka Folomu 4 akumbukira mapu aja a 1:50,000 amene amagawidwa pa mayeso, pamene masentimita awiri amaimira kilomita imodzi. Mapu amenewo nawonso anabadwa kuchokera ku zithunzi za mumlengalenga. Ndege zikuluzikulu zinajambula dziko lino, ndipo akatswiri a Directorate of Overseas Surveys ku Britain pamodzi ndi a nthambi yathu yoyeza malo anakhala zaka akusandutsa zithunzizo kukhala mizere ya mitsinje, misewu ndi mapiri. Anali mapu abwino, koma pa mapu otere chigafa cha mamita 20 sichikwana ndi theka la milimita lomwe, ndipo mudzi wathunthu ndi timadontho takuda towerengeka. Tsono kandege kouluka pa mamita 120 ndi kamera yabwino kamabweretsa chithunzi chimene kadontho kake kamodzi kamaimira masentimita atatu okha a pansi. Pa chithunzi chotere mizere ya m'munda imawerengeka, njira ya ku chitsime imaoneka, ngakhale mbuzi yomangidwa pa chikhomo imadziwika.

Chifukwa cha kuwala kwakeko munthu amafulumira kuchikhulupirira. Koma kamera ili ndi diso limodzi, ndipo imaona zonse itaima pa malo amodzi. Chokhacho chimene chili pansi pake penipeni ndicho imachiona kuchokera pamutu. Zina zonse imaziona chammbali. Motero balani lalitali lootchera fodya limene lili m'mphepete mwa chithunzi limaoneka ngati lapendekera kunja, denga lake litagwera pamalo pamene m'choonadi pali nkhokwe. Malo okwera, pokhala pafupi ndi kamera, amaoneka aakulu kuposa m'mene alili, pamene dambo lotsika limachepa. Onjezanipo kuti mphepo imapendeketsa kandege pa nthawi yojambula. Mukaika rula pa chithunzi chotere, sentimita ya pakati ndi sentimita ya m'mphepete sizinena mtunda wofanana. Mapu enieni ndi amene malo alionse aonedwa ngati kuti diso lili pamwamba pake penipeni, ndipo muyeso wake ndi umodzi kuchokera ku ngodya ino kufika ku ngodya iyo.

Kuulutsa ngati kupanga mizere

Munthu wofuna mapu saulutsa kandege mwachisawawa. Amayamba walemba pa lamya kapena pa kompyuta malire a malo amene afuna, ndipo kandege kamayenda kokha kupita ndi kubwerera monga m'mene mlimi amapangira mizere, kakujambula pa masekondi owerengeka alionse. Chinsinsi chagona pa kubwereza. Chithunzi chilichonse chiyenera kubwereza pafupifupi magawo atatu mwa anayi a chithunzi chimene chapita, ndipo mzere uliwonse uyenera kubwereza pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mzere woyandikana nawo, kotero kuti chulu chimodzi chimapezeka m'zithunzi khumi kapena kuposerapo, chilichonse chitachiona kuchokera kwina.

Tiyeni tiwerenge. Chithunzi chimodzi cha pa mamita 120 chimatenga malo a mamita 180 m'litali ndi 120 m'lifupi, ndiye kuti mahekitala awiri ndi pang'ono. Koma chifukwa cha kubwereza kuja, malo atsopano amene chithunzi chilichonse chimawonjezera sakwana ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a hekitala. Esiteti ya mahekitala 100 ifuna zithunzi zoposa 500, ulendo wa makilomita pafupifupi 16, ndi mabatire awiri, popeza batire limodzi silipitirira kwenikweni mphindi 25. Nanga dera lonse lija la makilomita 40 kuzungulira bwalo la Kasungu? Ndi malo oposa mahekitala 500,000, ndipo pa muyeso womwewu pafunika zithunzi zoposa 2,500,000. Ndanena izi kuti tisamatengeke ndi mawu oti tindege tijambula dziko lonse. Dziko lonse ndi ntchito ya masetilaiti, amene amaona patali koma mosawala kwenikweni. Kandege ndi ka mudzi umodzi, dambo limodzi, esiteti imodzi.

Zimene kompyuta imachita

Zithunzi zija zikalowa m'kompyuta, pulogalamu yopangira mapu imayamba ndi ntchito imene munthu angaiyese yachibwana. Pa chithunzi chilichonse imafunafuna timalo todziwika: ngodya ya denga, mwala woyera pa dothi lofiira, pamene tinjira tiwiri takumana, chitsa cha m'munda. Imapeza timalo totere zikwizikwi pa chithunzi chimodzi, ndipo kalikonse imakalembera chizindikiro cha manambala chofotokoza m'mene kuwala ndi mdima zakhalira mozungulira. Njira yotchuka yochitira zimenezi inafalitsidwa m'chaka cha 1999 ndi David Lowe wa pa University of British Columbia ku Canada, ndipo ubwino wake ndi woti chizindikirocho sichisintha kwenikweni ngakhale chithunzi chitatembenuzidwa kapena kujambulidwa chapatali. Ikatha apo pulogalamu imafananitsa: mwala uwu wa pa chithunzi cha 41 ndi womwewo uli pa cha 42, pa cha 43, ndiponso pa cha 78 cha mzere wobwerera.

Apa ndi pamene pali nzeru yeniyeni, ndipo aliyense angaiyese ali pomwe wakhalapo. Tambasulani dzanja, imikani chala chimodzi, tsinzinani diso lamanzere, kenaka litseguleni ndi kutsinzina lamanja. Chala chija chioneka ngati chadumpha poyerekeza ndi khoma. Chibweretseni pafupi ndi mphuno, ndipo kudumpha kwake kukula. Ubongo wathu umadziwa kutalikira kwa zinthu chifukwa cha kudumpha kumeneku, ndipo aphunzitsi akale amene anali ndi galasi lija la maso awiri loonera zithunzi za mumlengalenga akumbukira m'mene ana ankadabwira poona phiri litatumphuka pa pepala. Pulogalamu ili ngati munthu wa maso mazana asanu. Nsonga ya mtengo, pokhala pafupi ndi kamera, imadumpha kwambiri kuchokera pa chithunzi china kufika pa china. Pansi pa dambo pamadumpha pang'ono. Poyeza kudumphaku, pulogalamu imawerenga zinthu ziwiri pa nthawi imodzi: pamene kamera inali ndi m'mene inapendekera pojambula chithunzi chilichonse, ndiponso pamene kamalo kalikonse kali, kum'mawa mwakuti, kumpoto mwakuti, kukwera mwakuti. Imayamba ndi kungoyerekeza, niona kuti yaphonya motani, nikonza, nibwerezanso kambirimbiri mpaka mizere yonse yochokera ku makamera ikumane bwino pa timalo take. Ngakhale kupindika kwa galasi la kamera kumawerengedwa pomwepo.

Zotsatira zake ndi mtambo wa timadontho mamiliyoni, kalikonse kali ndi malo ake ndi mtundu wake, kotero kuti mukautembenuza pa kompyuta muona mudzi uli chiimire, madenga, mitengo ndi zulu. Kuchokera ku mtambowo pamapangidwa chithunzi cha kukwera ndi kutsika kwa malo. Potsiriza, pokhala tsopano ikudziwa msinkhu wa malo alionse, pulogalamu imawongola zithunzi zonse zija, niimika balani lopendekera lija pa maziko ake, nizisoka pamodzi ngati mkeka umodzi waukulu. Mkeka umenewu akatswiri amautcha orthomosaic, ndipo ndi umenewu umene munthu angaikepo rula.

Mapulogalamu ochita zimenezi alipo angapo. Pix4D ya ku Switzerland ndi Agisoft Metashape ya ku St Petersburg ndi ogula, ndipo mtengo wake ndi wa ndalama zakunja, zimene kwathu kuno sizipezeka mwachisawawa. OpenDroneMap ndi yaulere, yolembedwa ndi anthu odzipereka a m'maiko osiyanasiyana, chimodzimodzinso QGIS, imene imagwira ntchito yotsatira yoyeza minda, kulemba maina ndi kusindikiza mapu. Koma ulere wa pulogalamu suchotsa njala ya kompyuta. Zithunzi 500 zingaigwiritse ntchito kompyuta wamba maola ambiri, mwina usiku wonse, ikutentha ngati mbaula, ndipo magetsi akathima pakati pa ntchito, zambiri zimayambiranso. Kutumiza zithunzizo pa intaneti kuti zikakonzedwe ndi makompyuta akuluakulu a kunja n'kotheka, koma ndi katundu wa magigabaiti anayi kapena asanu, ndipo wogula mayunitsi ndi thumba lake adziwa tanthauzo la nambala imeneyo.

Pamene chigwa chimanyenga makina

Munthu angaganize kuti dziko lathyathyathya ngati la Kasungu ndi losavuta kulijambula kusiyana ndi mapiri a Dedza kapena a Mulanje. Kunena zoona lili ndi misampha yakeyake. Pulogalamu imadalira timalo tosiyana ndi tinzake. Tsono munda waukulu wa fodya m'mwezi wa Febuluwale, mbewu iliyonse yofanana ndi inzake, mzere uliwonse wofanana ndi unzake, umaisokoneza monga m'mene mapasa amasokonezera mlendo. Pamwamba pa damu mulibe chogwira, chifukwa madzi amanyezimira mosiyana pa chithunzi chilichonse, ndipo kawirikawiri pamatuluka chibowo kapena phiri labodza pakati pa madzi. Mphepo ikamagwedeza mitengo ndi chimanga, tsamba limene linali apa pa chithunzi choyamba lili apo pa chachiwiri. Mithunzi nayo imayenda. N'chifukwa chake ojambula odziwa amakonda dzuwa lili pamutu.

Msampha woopsa kwambiri ndi wosaoneka ndi maso. Kandege kakangoyenda mizere yolunjika kamera itayang'ana pansi, kulakwitsa pang'ono powerenga kupindika kwa galasi kumaunjikana, ndipo chigwa chonse chimatuluka chitapindika ngati mbale yovundikira, pakati patakwera, m'mphepete mutatsika, mwinanso mosemphanitsa. Mkeka wa zithunzi umaoneka wokongola ndithu, koma misinkhu yake ndi yabodza. Pa phiri lotsetsereka kulakwitsa kwa mita imodzi sikusintha kumene madzi alowera. Pa chigwa pamene dziko limatsika pang'onopang'ono kulowera ku Bua kapena ku Dwangwa, mita imodzi yabodza ingachititse anthu a mthirira kukumba ngalande imene madzi ake ayenera kukwera mtunda. Tikumbukirenso kuti kamera imaona pamwamba pa zinthu: imayeza ngaiyaye za chimanga ndi nsonga za mitengo, osati nthaka. Wofuna kudziwa mayendedwe a madzi ajambule m'chilimwe anthu atakolola. Wofuna kuwerenga mbewu ajambule m'dzinja. Ulendo umodzi suyankha mafunso onse awiri.

Mankhwala a zonsezi ali pansi, ndipo amafuna miyendo. Kandege kasananyamuke, munthu amayenda kuika zizindikiro zooneka kuchokera kumwamba, kaya nsalu ya mabanga akuda ndi oyera, kaya mtanda wopakidwa laimu, m'ngodya zinayi za malowo ndi pakati pomwe, ndipo chilichonse amachiyeza ndi makina a oyeza malo amene saphonya kuposa masentimita ochepa. GPS ya m'kandege wamba imatha kuphonya ndi mamita angapo, makamaka pa msinkhu. Pambuyo pake amaisonyeza pulogalamu pamene zizindikirozo zili m'zithunzi, ndipo mapu onse amakhomedwa pa zikhomo zimenezo. Wantchito wosamala amasunga zizindikiro zina osaiuza pulogalamu, kuti pomaliza aifunse ngati mphunzitsi: mtanda uwu ukuti uli pati? Kusiyana kwa yankho lake ndi muyeso weniweni ndiko kumauza munthu ngati mapuwo ndi odalirika. Mapu amene abwera opanda lipoti la mayeso amenewa, ine sindingawalandire pa mlandu wa malo.

Palinso china chimene aphunzitsi a Jogalafe ayenera kuchidziwa. Mapu athu akale anamangidwa pa maziko a muyeso otchedwa Arc 1950, pamene GPS imagwiritsa ntchito WGS 84. Manambala a malo amodzi omwewo amasiyana ndi mamita 200 kapena 300 pakati pa maziko awiriwa. Munthu wosadziwa akasanjika mapu atsopano pamwamba pa pulani yakale ya esiteti, apeza bikoni ili pakati pa mudzi wa eni ake, ndipo mkangano ungabuke pa chinthu chimene chili m'kompyuta mokha.

Udzudzu sudikira

Chitsanzo chabwino cha ntchito yonseyi chinachitikira ku Kasungu komweko. Kuyambira chaka cha 2018, akatswiri ofufuza za malungo, mwa iwo Michelle Stanton ndi Christopher Jones a ku Britain, pamodzi ndi Amalawi Patrick Kalonde ndi Kennedy Zembere, mogwirizana ndi bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome la ku Blantyre, anaulutsa tindege m'bomali pofuna kupeza malo a madzi amene udzudzu umaswana. Zimene anapeza zinasindikizidwa m'chaka cha 2021 m'magazini ya Malaria Journal. Maganizo ake ndi omveka. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse limalangiza kuti kupha mphutsi za udzudzu m'madzi kumapindula pamene malo oswanirawo ndi ochepa, osasunthasuntha, ndiponso otheka kuwapeza. M'chilimwe chigwa cha Kasungu chimauma, madzi natsala m'madamu ang'onoang'ono othirira nazale ndi kumwetsa ng'ombe, m'zitsime za m'madimba, m'maenje oumbira njerwa ndi m'zithaphwi za m'mitsinje yophwa. Amenewa ndiwo amasunga udzudzu mpaka mvula igwe. Kuwapeza onse poyenda pansi ndi ntchito yosatha, koma pa mkeka wa zithunzi amaoneka, ndipo ofufuzawa anaphunzitsa kompyuta kusiyanitsa madzi ndi nthaka, udzu ndi madenga.

Komabe chithunzi chimangonena kuti apa pali madzi. Sichinena ngati muli mphutsi, kapena ngati ndi za udzudzu wa Anopheles umene umafalitsa malungo. Ofufuza aja anayenera kupita okha m'mphepete mwa madzimo ndi chotungira m'manja. Ndipo pali nkhani ya nthawi. Kukatentha, dzira la udzudzu limasanduka udzudzu wouluka m'masiku khumi kapena milungu iwiri. Ngati zithunzi zijambulidwa Lolemba, nizitumizidwa kutali kukadikira katswiri ndi kompyuta yake, mapu nabwera patapita mwezi, ndiye kuti mibadwo iwiri ya udzudzu yauluka kale, zithaphwi zina zauma, zina zabadwa. Mapu otere ndi mbiri yakale chabe. Kuti akhale chida cha mlangizi wa zaumoyo, munthu wosoka zithunzi ayenera kukhala pafupi, pa boma pomwepo, ndi kompyuta yokwanira ndi magetsi odalirika. Pa mfundo imeneyi ndi pamene ndiona kuti kusowa kwa anthu odziwa ntchitoyi ndi vuto lalikulu kuposa kusowa kwa tindege.

Zimene mapu saona, ndi zimene sayenera kuona

Ku Kasungu nkhani ya mapu siingapatuke pa nkhani ya malo. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, pamene fodya wa bale ndi wootcha ankaloledwa pa maesiteti pokha, malo ambiri a makolo anasanduka a lizi, ndipo alimi ang'onoang'ono anayamba kuloledwa kulima bale cha m'ma 1990. Kuchokera nthawi imeneyo anthu achuluka, kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 800,000 m'bomali, ndipo malire a esiteti ndi mudzi ndi nkhani imene mafumu amaiweruza chaka ndi chaka. Lamulo la malo a makolo la 2016 linatsegula njira yoti mabanja alembetse minda yawo, ndipo pa ntchito yotere zithunzi zowongoledwa bwino zimathandiza kwambiri: anthu amasonkhana mozungulira pepala lalikulu, aliyense naloza munda wake, mpanda wa nkhadze, chulu cha pamalire, mtengo wa mango umene anabzala agogo.

Koma taonani kuti oloza ndi anthu. Chithunzi chimaonetsa pamene khasu lafika chaka chino. Sichidziwa kuti mundawo ndi wobwereka, kapena kuti tsala lija lili ndi mwini wake amene ali ku Joni. Sichidziwa kuti kumwera kwa bomali, pakati pa Achewa, munda umatsata mbumba, pamene kumpoto, pakati pa Atumbuka, umatsata kuchimuna. Mnyamata wa pa kompyuta akalemba mzere potsata zimene maso ake aona, popanda anyakwawa ndi eni minda, mzerewo ukasindikizidwa umaoneka ngati choonadi cha boma, ndipo mayi wamasiye amene sanafunsidwe adzavutika kuutsutsa.

Palinso malo amene kamera iyenera kuwalemekeza. Aliyense woona chigwa cha fodya kuchokera kumwamba amazindikira msanga timagulu ta mitengo yachilengedwe totsala pakati pa minda yoyera. Kawirikawiri amenewo ndi manda, ndipo m'midzi ya Achewa ndi komwenso kuli dambwe, kumene wosavinidwa safika. Kandege sikadziwa mwambo. Kamajambula masentimita atatu alionse mofanana. Chilolezo cha akuluakulu oona za maulendo a ndege n'chofunika, koma sichilowa m'malo mwa kukhala pansi ndi mfumu ndi anthu ake, kufotokoza chimene chijambulidwe, amene asunge zithunzizo, ndi malo amene adumphidwe. Tisaiwale kuti m'chaka chomwecho cha 2017, miyezi yochepa Kasungu atatsegulidwa, mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu m'maboma a kumwera monga Mulanje ndi Phalombe. Chinthu cholira ngati njuchi pamwamba pa denga la munthu, chosafotokozedwa, chimapeza tanthauzo lake m'mantha a anthu. Ndipo ntchito ikatha, n'chilungamo kuti mapu osindikiza abwerere kumudzi kumene anajambulidwa, osangothera m'malipoti a ku Lilongwe.

Kwa otsiriza sukulu ndi aphunzitsi awo

Mu Januwale 2020 ku Lilongwe kunatsegulidwa sukulu ya African Drone and Data Academy, yokhazikitsidwa ndi UNICEF mothandizana ndi Virginia Tech ndi sukulu yaukachenjede ya MUST ya ku Thyolo, ndipo inalandira achinyamata ochokera m'maiko angapo a mu Africa. Dzina lake lenilenilo lili ndi mbali ziwiri, kandege ndi zimene kamabweretsa, ndipo maphunziro ake anali a zonse ziwiri. Mwana amene wangomva za kuulutsa adziwe kuti kuulutsa kandege kojambula kumaphunzirika m'masiku ochepa, popeza kamadziyendetsa kokha. Chimene chimatenga nthawi, ndipo chimene wolemba ntchito adzalipira, ndi kudziwa chifukwa chake mapu apindika, kusankha maziko oyenera a muyeso, kuwerenga lipoti la zolakwika, ndi kusandutsa mkeka wa zithunzi kukhala yankho: mahekitala angati a fodya amene adzapite ku msika wa Chinkhoma, mitengo ingati yatsala m'mphepete mwa mtsinje, nyumba zingati zili m'njira ya madzi osefukira.

Maziko a zonsezi ali kale m'silabasi yathu, kungoti timawaphunzitsa ngati zinthu zakufa. Sikelo, manambala a gridi, mizere ya msinkhu, ndi makona atatu ofanana maonekedwe ndizo zida zenizeni za ntchitoyi, ndipo mphunzitsi wopanda kandege kapena kompyuta angathe kuyamba ndi choko. Nali funso limene lingaperekedwe ku Folomu 3. M'kati mwa kamera yotchuka ya tindege, kachipangizo kolandira kuwala n'kotalika mamilimita 13.2, ndipo kali pa mtunda wa mamilimita 8.8 kuseri kwa galasi. Kuwala kochokera pansi kumadutsa pa galasi ndi kupanga makona atatu awiri ofanana maonekedwe, aang'ono m'kati mwa kamera, aakulu kunja kwake. Kandege kakakhala pa mamita 120, kutalika kwa malo ojambulidwa ndi 120 kuchulukitsa ndi 13.2 kugawa ndi 8.8, ndiye mamita 180 aja tinawatchula poyamba. Chithunzicho chili ndi timadontho 5,472 m'litali mwake. Gawani mamita 180 ndi nambala imeneyo, mupeza masentimita 3.3 pa kadontho kamodzi.

Ana akapeza yankho limeneli, afunseni kuti mlimi wina akufuna kuona tsamba lililonse la fodya wake, ndipo wapempha kuti kandege katsike kufika pa mamita 60. Ambiri adzafulumira kunena kuti kadontho katsika kufika pa masentimita 1.6, ndipo adzakhoza. Ochepa ndi amene adzaone kuti litali ndi lifupi zonse zachepa ndi theka, kotero kuti esiteti ija ya mahekitala 100 tsopano ifuna zithunzi zoposa 2,000 m'malo mwa 500, ulendo wa makilomita 32 m'malo mwa 16, mabatire anayi kapena asanu, ndi kompyuta imene mwina sitha kusenza katunduyo usiku umodzi.